Dzanja la Amock Shawa

Ku Kabwata, kuseri kwa nyumba zija za khonsolo zofanana ngati zinabadwa tsiku limodzi, kunali bwalo la Amock Shawa. Chikwangwani panalibe. Panali mtengo wa mango, dothi lakuda bii ndi oyilo wa zaka makumi awiri, ndi chitsulo cha njanji chopachikapo injini. Mlendo wofuna malowo ankangofunsa pamsika kuti, "Kwa mudala wa kwanja ni kuti?" ndipo ngakhale mayi wogulitsa tomato ankamulozera njira, poti ku Lusaka dzanja amati kwanja.

Amock anabwera ku Lusaka kuchokera ku Katete dziko lisanalandire ufulu, ali ndi malaya awiri ndi kalata ya mpingo wa Dachi m'thumba. Anapeza ntchito m'galaja ya Mtaliyana wina kufupi ndi njanji. Mzunguyo ankadziwa kutukwana kuposa kuphunzitsa, koma Amock anaba ntchito ndi maso kwa zaka khumi ndi ziwiri. Mtaliyana atatseka galaja n'kubwerera kwawo, anamusiyira bokosi la masipanala, ndipo bokosi limenelo ndi limene linalera ana asanu m'nyumba ya zipinda ziwiri. Mkazi wake Bernadette, Mkatolika amene sanalole kusiya kolona ngakhale anakwatiwa ku Dachi, ankathandiza ndi makina osokera pakhonde.

Magalimoto ambiri obwera kwa Amock anali ndi matenda amodzi. Akamathamanga ali bwinobwino, koma akaima pamaloboti injini ikulira, ankayamba kugwedera ngati munthu wa malungo. Chiwongolero kunjenjemera, magalasi kunjenjemera, mwini wake manyazi bii pakati pa Cairo Road. Amakaniko ena galimoto yotere ikafika ankathamangira sipanala, ndipo Amock ankawanyoza poyera, n'kumati amenewo ndi odula nyama osati amisiri. Iye ankauza mwini galimoto kuti ailize n'kuisiya yokha, osaponda mafuta. Kenako ankatsegula boneti, kupukuta dzanja lamanja pa ovolosi, n'kuliika pamwamba pa injini maso ali chitsinzinire. Ankatha kuima choncho mpaka anthu kuyamba kuyang'anizana.

Akatsegula maso ankakhala atadziwa koyambira. Ngati dzanja lamuuza kuti silinda ina sikupsa, ankazula mawaya a mapulagi, uyu kuzula n'kubwezera, winayo chimodzimodzi. Waya amene wazulidwa koma injini osasintha kaliridwe, ameneyo ndiye anali pa silinda yakufa. Ngati vuto ndi mpweya wolowera pamalo posayenera, ankatenga kachidutswa ka paipi yothirira maluwa, mbali imodzi kukhutu, inayo kuiyendetsa m'mbali mwa kabuleta mpaka amve mluzu wa pobowokapo. Nthawi zina injini inkakhala yosalakwa, koma mphira zimene imakhalirapo zitatha. Apo ankauza dalaivala kuti akoke handibuleki, alowetse giya n'kumasiya kilachi pang'onopang'ono, ndipo injini ikadumpha, nkhani inkathera pomwepo.

Koma ntchito iliyonse inkatha ndi mwambo umodzi. Dzanja linkabwereranso pa injini, ndipo likapanda kumva kanthu Amock ankati, "Pita." Galimoto sinkatuluka pabwalopo dzanja lisanavomere, kaya mwini wake ndi mphunzitsi wa ku Chelstone kaya ndi bwana wa ku Woodlands wothamangira msonkhano. Anthu ankanyinyirika, koma ankadikira, chifukwa m'zaka zonsezo dzanjalo linali lisananamepo.

Zaka za m'ma 1980 zinali zaka za mizere. Ufa pamzere, sopo pamzere, mafuta ophikira pamzere, ndipo pena munthu ankayamba waima kaye kenako n'kufunsa chimene chabwera. Masipeya a galimoto ndiye analibe n'komwe mzere, poti kunalibe choimirira. Amock anaphunzira kudzutsa zakufa. Mapulagi akale ankawawotcha pambaula n'kuwapala ndi burashi ya waya, mphira zokhalira injini ankazisema kuchokera ku matayala a thirakitala. M'masiku amenewo dzina lake linakula kwambiri, chifukwa makaniko amene amapeza vuto asanamasule kanthu anali ngati mvula.

Chaka cha 1987 magalimoto onse a mu Lusaka anayamba kugwedera. Ndi mmene Amock ankanenera. Ankati akakonza galimoto n'kuikapo dzanja, pansi penipeni pankatsalabe kanjenje kena kosatha, ndipo mlandu ankaupereka kwa petulo wa masiku ano. Si petulo ayi. Dzanja lamanja lija linali litayamba kunjenjemera palokha. Likagwira sipanala n'kumamanga linkakhala bwino, koma likangopuma, chala chachikulu chinkayamba kusisita chinzake ngati chikufikisa fodya. Amock analiona kangapo m'tchalitchi buku la nyimbo likuvina, n'kunena kuti ndi kuzizira kwa Juni. Kunyumba ankadandaula kuti tiyi akuchepa m'kapu, nayenso n'kumuika pa mndandanda wa zinthu zosowa m'dziko.

Lachiwiri lina m'mwezi wa Ogasiti, cha m'ma 9 koloko m'mawa, pabwalopo panalowa galimoto yakuda yonyezimira, ya mtundu wokwera akuluakulu. Anatsikamo Mpundu, dalaivala wa zaka makumi anayi, wamfupi, wa jekete lotuwa m'zigongono.

"Ba Shawa, shani? Nimvela ati mbeba zasila mu Kabwata, mwazisiliza mweka."

"Iwe mudya kolwe," anayankha Amock osadzuka n'komwe pa mpando, "nani akupasa motoka? Kwanu muziba chabe kukwela mitengo."

Amuna atatu amene ankasewera nsolo pansi pa mango anaseka, monga ankachitira nthawi zonse awiriwa akakumana. Mpundu anali Mbemba, ndipo pakati pa Mbemba ndi munthu wa kum'mawa pali chimbuya. Makolo awo anamenyana nkhondo mpaka kutopa, ndipo chimene chinatsala pa nkhondoyo ndi chipongwe. Mbuya wako angathe kukunyoza pamaso pa mkazi wako, kukupaka ufa kumaso pamaliro a bambo ako, kukunamizira kuti umadya mbewa ndi ubweya womwe, iwe n'kumuyankha kuti kwawo anatha anyani, amene Mbemba amati kolwe. Wokwiya ndiye wopusa. Mawu a mbuya sapita kumtima. Amamveka, anthu n'kuseka, basi zatha.

Tsiku limenelo chipongwe cha Mpundu sichinatalike. Anakokera Amock pambali n'kumuuza nkhani yake motsitsa mawu. Kwa zaka khumi ndi chimodzi ankayendetsa mkulu wina wa kampani ya boma, munthu amenenso anali ndi mpando m'chipani, ndipo masiku amenewo chipani chinali chimodzi chokha, kopanda kwina kokadandaula. Mpundu, mkazi wake ndi ana anayi ankakhala m'kanyumba ka antchito kuseri kwa mpanda wa bwanayo ku Kabulonga.

"Ku galaja ya kampani yankhala masabata yatatu, yabwela chimozimozi," anatero Mpundu. "Manje ba bosi bayenda ku Kitwe na ndeke, babwela pa Chisanu masana. Bakamba ati, nikapeza ikali kututuma pa maloboti, iwe na banja yako muchoke pa yadi panga. Sibaziba kuti naileta kuno. Ba Shawa, nilibe kwina koyenda."

"Liza," anatero Amock.

Galimotoyo inalira mokhosomola, ikugwedera mpaka kiyi kumawombana. Amock anaikapo dzanja, kutsinzina, ndipo pa kugwedera kwakukulu koteroko dzanja silinasokonezeke. Anazula mawaya a mapulagi. Woyamba injini inatsamwa, wachiwiri chimodzimodzi, wachitatu sinasinthe ngakhale pang'ono. Anausenda waya uja ndi mpeni n'kupeza kuti mkati anaduka, kunja kokha ndiye kunkaoneka kwabwino. Anafukula wina m'chitini chake cha zakale. Kenako anatenga kapaipi kake ka kukhutu, ndipo kuseri kwa kabuleta anamva mluzu: kapaipi ka mphira kanali katang'ambika pokhota. Anadula pong'ambikapo, kubwezera, n'kutembenuza sikuluwu ya kabuleta pang'ono chabe. Zimene galaja yaikulu inalephera m'masabata atatu zinatha ola lisanakwane.

Injini inkalira myaa, ngati makina a Bernadette akathiridwa mafuta. Mpundu anakhala pa chiwongolero, kuchigwira ndi zala ziwiri, nkhope yonse mano okhaokha. Amock anapukuta dzanja pa ovolosi n'kuliika pa injini kuti atsirize mwambo wake. Anatsinzina. Anakhalitsa.

"Ikali," anatero.

Anatembenuzanso sikuluwu. Anayesa mphira zokhalira injini, zinali zolimba. Anazulanso mawaya onse anayi, ndipo onse anayankha bwino. Anabwezeranso dzanja, ndipo kanjenje kaja kanali pomwepo, kakang'ono, kouma mutu, kochokera pansi.

Mpundu anatsika n'kudzaima pambali pake. "Ba Shawa, motoka yapola. Nankhala pa sitelingi, kulibe olo pang'ono."

"Ikali."

Mpundu anayang'ana injini, kenako anayang'ana dzanja limene linali pamwamba pake. Analiyang'ana nthawi yaitali. 

"Ba Shawa, chamene chitutuma si motoka iyayi. Ni kwanja kwanu."

A pansolo aja anafa nacho chiseko. Mmodzi anamenya ntchafu akufuula kuti, "Wakupasani, ba Shawa! Bwezani!" Amock nayenso anaseka, ndipo anaseka ndi mtima wonse, poti chipongwe chinali chakupsa.

"Kwanja uku kunayamba kugwila injini iwe ukali kupilikisa bakolwe mu munda wa tute," anatero, akunena minda ya chinangwa ya kwawo kwa Mpundu.

"Sinisobela, ba Shawa. Nikamba zoona."

Apa ndiye chiseko chinachita kunyanya, chifukwa mbuya wodziwa ntchito yake amatero kumene: amaumitsa nkhope, kulumbira, kuoneka ngati alira. Mpundu akamalimbikira, anthu ankaona luso. Mu Lusaka monse munthu mmodzi yekha ndiye anali ndi chilolezo chouza Amock Shawa mawu amenewo pamaso, ndipo anali yemweyo amene mawu ake sankawerengedwa. Pakhonde makina osokera anali ataima, koma palibe anatembenuka kuona nkhope ya Bernadette.

Chiseko chitazirala Amock analankhula ngati mmisiri. "Tenga motoka yako ngati ufuna. Koma pa Chisanu ikayamba kuvina na bwana wako kumbuyo, usabwele kuno. Muli valuvu yapya mukati, kapena gasiketi yayamba kupita. Nifunika kusegula mutu. Ine nakuuza."

Mpundu anaima ndi makiyi m'manja. Maso ake anamuuza china, koma zaka zonse zimene anamudziwa Amock zinkamuuza china. Kangati konse mdala ameneyu ananena chinthu chosaoneka, patapita sabata n'kuchitikadi? Munthu wa mantha sakhulupirira maso ake. Anapereka makiyi n'kupita kukakwera minibasi.

Lachitatu m'mawa Amock anachotsa batire, kukhetsa madzi, n'kuyamba kumasula. Kutsegula mutu wa injini m'chaka chimenecho kunali ngati kung'amba malaya ako omaliza kuti uone ngati ulusi wake ndi wolimba. Pakati pa mutu ndi thupi la injini pamakhala gasiketi, chinthu chopyapyala chotseka moto, madzi ndi oyilo kuti zisakumane, ndipo ikachotsedwa sibwereranso. Amock ankadziwa zimenezi kuposa aliyense. Iye mwini ankathamangitsa anthu obwera ndi maganizo otsegula mutu popanda chifukwa. Atanyamula mutuwo, gasiketi inatsalira theka uku theka uko.

Anautembenuza mutu uja pa thabwa n'kuyang'ana mavaluvu. Anathira palafini kuti aone ngati pena padontha. Sipanadonthe. Anayendetsa chala m'masilinda onse anayi, osapeza ngakhale kamzere. Anaona zidutswa za gasiketi, ndipo panalibe popsa, panalibe podutsa madzi. Injiniyo inali yabwino ngati ya chaka chatha.

Anatopa. Msana unkamupweteka, ndipo anatsamira galimoto n'kuika dzanja pa thupi la injini kuti apume, osaganiza kanthu. Injini yopanda mutu, yopanda batire, yozizira ngati mwala wa pamtsinje. Ndipo pansi pa chikhatho chake anamva kanjenje kaja, kakang'ono, kouma mutu, kochokera pansi.

Sanachotse dzanjalo msanga. Analiyang'ana ngati la munthu wina. Kenako analiika pa chitsulo cha njanji, ndipo njanji inanjenjemera. Analiika pa thunthu la mango, mango nawo ananjenjemera. Anakumbukira magalimoto onse a chaka chimenecho amene anawachedwetsa masiku awiri atatu akusaka matenda, anakumbukira petulo amene ankamutukwana, ndipo anachita mantha amene sanawamvepo chibadwire. A pansolo anamufunsa ngati wapeza vuto. Anati walipeza, n'kulowa m'nyumba.

Mpundu anafika madzulo dzuwa lisanalowe. Anaona mutu wa injini uli pa thabwa, mabawuti ali m'beseni.

"Mwapeza chani?"

"Kulibe."

Panalibe za mbewa, panalibe za anyani. Mpundu anatola chidutswa cha gasiketi n'kuchitembenuza. "Iyi tizaipeza kuti?"

Lachinayi anagawana tauni. Mpundu anatenga Kamwala ndi magalaja a ku mafakitale, Amock anatenga Cairo Road, Freedom Way ndi Chachacha. Analowa sitolo iliyonse imene inkagulitsako masipeya. Mashelefu anali mbee, ena ataikapo mabotolo a madzi a batire motalikirana kuti maso asachite manyazi. Ogulitsa ankamudziwa, ankamupatsa mpando ndi ulemu wonse, kenako n'kupukusa mutu. Wina anati mwina mwezi wa mawa katundu akalowa. Wina anati ayese ku Ndola. Amock ankayenda dzanja lili m'thumba la ovolosi, ndipo tsopano poti anali atadziwa, ankalimva likugunda pantchafu njira yonse.

Panatsala nzeru imodzi. Kale, m'masiku a Mtaliyana, anadulapo gasiketi ya lole kuchokera ku chipepala cha mkuwa, ndipo loleyo inayenda zaka. Anapita kwa Said, mmisiri wa Chiyao amene makolo ake anachokera ku Mangochi, yemwe ankasula mbale ndi zithunzi za mkuwa zogulitsa alendo ku Kabwata komweko. Said anamvetsera, n'kulowa kuseri, n'kutuluka ndi chipepala chimodzi chofiirira.

"Ndiye yosiliza iyi, ba Shawa. M'dziko la mkuwa, mkuwa wasowa. Mudule bwino."

Amock anayala mkuwa uja pa thabwa losalala, kuyalapo zidutswa za gasiketi yakale, n'kulemba ndi msomali. Mabowo aakulu anayi a masilinda, ang'onoang'ono a mabawuti, a madzi ndi a oyilo. Pakati pa silinda ndi inzake pamatsala kamlatho kochepa ngati chala cha khanda, ndipo kamlatho kameneko kakaduka ntchito yonse yapita. Anatenga tchizulo kumanzere, hamala kumanja. Ali mkati mogogoda dzanja linkamvera. Bowo loyamba linatha, lachiwiri, lachitatu. Thukuta linkagwera pa mkuwa. Pa bowo lachinayi, pamalo opyapyala penipeni, anaima kuti akoke mpweya ndi kuyang'anitsitsa mzere. Hamala inali m'mwamba, dzanja linapuma kamphindi, ndipo kupumako ndiye kunali kulakwa. Inatsikira m'mbali, tchizulo inadumpha, kamlatho kanaduka pakati.

Anakhala pansi pa dothi la oyilo lija. Bernadette anatsika pakhonde n'kudzakhala pa limu ya tayala pafupi naye.

"Amake Regina," anatero Amock, akumuitana ndi dzina la mwana wawo woyamba, "kodi inu munkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira pa Khirisimasi. Tiyi wanu ndimathira theka la kapu kuti musadzitenthe. Simunaone?"

"Nanga bwanji osandiuza?"

Bernadette anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Ndikanayambira pati, atate ake a Regina? Kukuuzani kuti dzanja latha ndi kukuuzani kuti inuyo mwatha. Ine pakamwa panga sipakanatuluka zimenezo. Ndinkapemphera kuti adzanene wina." Anamuyang'ana m'maso. "Wina ananena. Munaseka."

Lachisanu masana ndege inatera, ndipo bwana sanapeze galimoto yomudikira. Cha m'ma 3 koloko pabwalo la Amock panafika apolisi awiri ndi lole yokoka. Mpundu sanathawe. Anali atakhala pansi pa mango kuyambira m'mawa, jekete atalipinda pamiyendo. Apolisiwo anamuuza kuti anatenga galimoto ya boma popanda chilolezo n'kukaiphwasula kukomboni, ndipo akafotokoze bwino amene anamutuma. Amock anaima kutsogolo kwawo akunena kuti wolakwa ndi iye, kuti dalaivalayu anakana, kuti amutenge iyeyo. Wapolisi wamkulu anayang'ana dzanja lake likugwedera m'mwamba, n'kunena mofatsa kuti, "Mudala, nkhalani pansi." Ngakhale kumangidwa sanamuone woyenera. Apolisiwo anaponya mutu wa injini ndi beseni la mabawuti pampando wakumbuyo n'kukoka galimoto.

Apolisi anamusunga Mpundu masiku anayi n'kumutulutsa wopanda mlandu komanso wopanda ntchito. Lolemba, Mpundu asanatulutsidwe, Amock anayenda wapansi kuchokera ku Kabwata mpaka ku Kabulonga, akukonza m'mutu mawu oti akanene kwa bwana. Mlonda sanamutsegulire geti. Kunja kwa mpanda, pa kapinga wometedwa bwino, panali matiresi awiri, mbaula, mapoto omangidwa m'chitenje, ndi ana anayi atakhala pa sutikesi motsatana misinkhu. Mkazi wa Mpundu ankamudziwa Amock, anadyapo mango a pabwalo pake. Anamuyang'ana kamodzi n'kutembenukira kumsewu. Amock anaima pamenepo mpaka anazindikira kuti palibe chimene akuimirira, n'kubwerera.

Nkhani inayenda m'tauni mofulumira kuposa minibasi. Magalimoto anayamba kuchepa, kenako anasiya. Kuchipatala dokotala anatchula dzina la matendawo m'Chingerezi, n'kunena kuti sachira, kuti mapiritsi ochepetsako alipo koma panopa atha. A pansolo anasamukira pansi pa mtengo wina. Amock akanatha kugwirabe ntchito ndi khutu ndi maso, poti nzeru zonse zinali m'mutu, ndipo Bernadette anamuuza zimenezo kangapo. Iye ankangopukusa mutu. Sankadziwa njira ina youzira galimoto kuti "Pita." Kwa zaka ziwiri anakhala pakhonde akuwotcha ndi kupala mapulagi a amakaniko ena, omwe aja ankawatcha odula nyama. Anafunsafunsa za Mpundu, ena n'kumati ali ku Kanyama kwa mlamu wake, ena n'kumati anabwerera ku Kasama.

Chaka cha 1990, dzanja lamanzere nalo litayamba, anasiyira nyumba mwana wawo Regina n'kuganiza zobwerera ku Katete. Anafika ku Intercity, kokwerera mabasi, m'mawa, iye ndi Bernadette, ali ndi thiranki, makina osokera ndi bokosi lija la masipanala limene anakana kulisiya. Onyamula katundu anawazinga ndi mawilibala awo akulimbirana. Mmodzi sanalimbirane. Anangofika, kuwerama, n'kukweza bokosi la masipanala ngati akulidziwa kulemera kwake. Anali atawonda, tsitsi litayamba imvi, koma jekete linali lomwe lija.

Amock anayenda pambuyo pa wilibala. Ankadikira. Ankafuna Mpundu atembenuke anene kuti mbewa za ku Katete zithawe, mdala wanjala akubwera. Ankafuna amutukwane, amunene dzanja, amunene ukalamba, chilichonse. Mpundu anakankha wilibala mwakachetechete mpaka pa basi ya ku Chipata, anakweza katundu pamwamba, n'kumanga makina a Bernadette ndi chingwe mosamala kuti asagubuduke.

Mpundu atatsika, Amock anayesa yekha. Mawu anatuluka owonda.

"Iwe mudya kolwe. Manje bakupasa motoka ya wilo imozi?"

Mpundu anavula chipewa n'kuchigwira ndi manja awiri pachifuwa, monga achitira munthu kwa mkulu wachilendo amene sanadyepo naye.

"Ee, ba tata," anatero. "Muyende bwino."

Anaweramira Bernadette, kutembenuza wilibala yake, n'kulowa m'chigulu cha anthu.

M'basi Amock anakhala kuwindo. Dalaivala analiza injini kuti itenthe, ndipo basi yonse inayamba kugwedera, mawindo kulira, mwana wina kumbuyo kudzidzimuka. Kumeneku kunali kugwedera kwenikweni, ndipo khutu la Amock linamva msanga kuti silinda imodzi sikupsa bwino. Kondakitala, amene anakulira ku Kabwata, anamuzindikira n'kufuula mokondwa kuti m'basi muli mudala wa kwanja, abwere agwireko aone chimene chikuvuta.

"Mwanisokoneza na munthu wina," anatero Amock.

Anaika manja onse awiri pakati pa mawondo n'kuwapanikiza. Bernadette anavula shawelo yake n'kumufunditsa pamiyendo.